Mutu 5: Ntchito Yopanda Nyimbo

1. Mkangano wa pansi pa mtengo

Ku Chipoka, anthu awiri akasowa chokambirana amayamba za Lawson Chikuse. Wachitatu akangofika, mkangano wabadwa.

Lawson anakulira komweko, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Ali ku koleji ku Lilongwe ankasewera mpira wa basiketi mwakuti ngakhale anthu amene sanauonepo mpirawo ankalidziwa dzina lake pa wailesi. Atamaliza maphunziro, timu ina ya ku Mozambique inamulemba ntchito yosewera. Kuyambira pamenepo zigoli zake zinachepa, ndipo Chipoka inang'ambika pakati. Ena ankati mnyamata wakhwima, ena ankati watha ngati makatani.

Loweruka lina m'mawa Safia Jafali anapita ndi mpira wa timu kwa a Lameck, okonza njinga, kuti akaupope. Safia anali mu Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya m'deralo. Anali wamtali, wa manja ataliatali, ndipo mu timu ya atsikana munalibe womuposa pogoletsa. Masana a tsikulo kunali fainolo ya boma lonse, Chipoka ndi Chitala, ndipo opambana ndiwo akaimire Salima ku Lilongwe.

Anapeza pansi pa mtengo wa mango, pamene a Lameck ankagwirira ntchito, patayaka kale moto wa mkangano. Mchimwene wake Ismael, wa kabaza wa njinga yamoto, anali ataimika njinga yake, makasitomala akumudutsa, iye ali kalikiliki kukankhira foni kumaso kwa a Lameck.

"Taonani nokha, a Lameck. Kavidiyo ka gemu yadzulo aka, zigoli zonse aonetsa. Lawson wanu ali pati? Ine ndangoona msana wake kamodzi, nawonso ukuthawa kamera."

A Lameck anapukuta girisi pa ovolosi yawo. Iwo ankamukonda Lawson kuposa mmene anthu ena amakondera ana awo enieni.

"Timavidiyo tanu timeneti timaonetsa wogoletsa yekha," anatero. "Amene walanda mpirawo simumuona. Amene watsekera adani njira simumuona. Tandiuza iwe, anthu a ku Mozambique ndi opusa kuti azisunga munthu wotha zaka zonsezi?"

"Mwina amawaphikira bwino tiyi," anayankha Ismael.

Anyamata anaseka chikhakhali. Wina anati ku koleji Lawson ankangopezerera ana asukulu, uko wakumana ndi madoda. Wina anati ayi, makochi akunja ndi ansanje, safuna Mmalawi atchuke. Wachitatu analumbira kuti msuweni wa mnzake anamuona ndi maso ake akugona pa benchi. Mwa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonerapo gemu yathunthu ya Lawson, koma zimenezo sizinachepetse mawu a munthu aliyense.

Ismael atamuona mlongo wake, anamukokera pakati pa gulu.

"Wosewera ndi uyu. Lero muona zimene Lawson anaiwala. Nyimbo yake ija tamulanda kale, tapatsa mwini wake weniweni."

Zinali zoona. Masapota a ku Chipoka ali ndi chizolowezi chawo: amabwera ku bwalo ndi zigubu za madzi zomenya ngati ng'oma, ndipo munthu akagoletsa amamuimbira nyimbo yotchula dzina lake. Wosagoletsa saimbiridwa, ngakhale atathamanga mpaka kukomoka. Nyimbo yotchuka kwambiri inali ya Lawson, koma chaka chimenecho gulu la Ismael linachotsamo dzina lake n'kuikamo la Safia. Mtsikanayo ankaikonda nyimboyo, ndipo sankabisa.

2. Mawu a Che Jafali

Pa tsinde la mtengowo panali munthu mmodzi amene sanaseke. Anali Che Jafali, bambo awo a Safia ndi Ismael, amene ankadikira kuti awamatire tayala. Iwo anali msodzi wosalankhulalankhula, ndipo akatsokomola anthu ankadziwa kuti mawu akubwera.

"Safia, tabwera kuno," anatero. Iye anasendera n'kugwada pambali pawo.

"Ndakhala ndikumvetsera phokoso lonseli. Lawson ameneyu ndinamuona akuyenda wopanda nsapato pa njanji apo. Anaphunzira, anafika ku koleji, anthu tinati mayi ake apuma. Anzake amene anali nawo m'kalasi lero ali m'maofesi, akuthandiza kwawo. Iye anasankha mpira, ndipo lero dzina lake ndi loseweretsa anyamata a kabaza. Anthu omwe ankamuimbirawo ndi amene akumusekawa. Ine sindifuna mwana wanga adzakhale nkhani ya pansi pa mtengo. Chaka chamawa ulemba mayeso a Fomu 4. Madzulo alionse uli ku bwalo, ukabwera wangogwa ngati thumba, mabuku osatsegula. Ndalekerera nthawi yaitali chifukwa amayi ako amakuikira kumbuyo."

"Baba, inu simunamuonepo akusewera," analowerera Ismael. "Mungobwera lero, mudzamve mmene anthu amaimbira dzina la mwana wanu."

Che Jafali anatembenukira kwa mnyamatayo.

"Chabwino. Ndikaswali ku mzikiti masana ndibwera. Ndikaona kuti muli zanzeru, tidzakambirana za ku Lilongwe. Ndikaona kuti ndi zachibwana, mpira watha lero. Wamva, Safia?"

"Ndamva, baba."

Safia anatenga mpira uja n'kumapita, mantha ndi chimwemwe zili pamodzi. Ismael anamuthamangira n'kumunong'oneza kuti nkhani ndi yophweka: agoletse zigoli zambiri, zigubu zilire, mdala afewa yekha. Safia anavomereza, chifukwa nayenso sankaona njira ina.

3. Lamulo la Madamu Zimba

Bwalo la basiketi la ku Chipoka ndi simenti yakale imene ankasanjikapo katundu wa pa sitima. Lili pa mtetete, ndipo m'miyezi ya mwera mphepo ya kunyanja imasewera nawo ngati munthu wachisanu ndi chimodzi. Pofika masana anthu anali atalizungulira, ana ali m'mitengo, amayi ogulitsa chinangwa chophika atasamutsira mabeseni awo komweko.

Lole ya ku Chitala inafika ndi nyimbo zake. Womaliza kutsika anali Pauline, kamtsikana kakafupi kooneka ngati sikangaphe ndi ntchentche yomwe. Koma matimu onse a m'boma ankamudziwa. Akangopeza mpata wa phazi limodzi, mpira unkalowa mu ring'i.

Madamu Zimba, mphunzitsi wa Bayoloje yemwenso anali kochi wa timu, anasonkhanitsa atsikana ake kuseri kwa chipupa.

"Tamverani bwino. Chitala ndi Pauline. Pauline akasowa mpira, Chitala palibe. Safia, lero ntchito yako ndi imodzi: ukhale pa iye. Akapita kumanzere, uli pomwepo. Akaima, waima. Akapita kukamwa madzi, ukamudikire pa ndowa. Zogoletsa usiyire Ella ndi anzake."

Safia anangoti kukamwa yasa.

"Madamu, lero lokha ayi. Bambo anga akubwera koyamba. Ndikapanda kugoletsa andiletsa mpira."

"Ndakumva, ndipo ndikumvera chisoni," anatero Madamu Zimba. "Koma mu timu muno ndiwe wekha amene uli ndi manja ndi mpweya womukwana mtsikana ameneyu. Ndikudziwa kuti ntchito imene ndakupatsayi ilibe nyimbo. Palibe amene adzamenye chigubu chifukwa choti Pauline sanagoletse. Anthu amaona chimene chachitika, saona chimene chalephereka. Koma tayang'ana anzakowa. Ella ndi ena awiriwa ali Fomu 4, gemu ino ikatayika ndiye kuti atsanzikana ndi bwalo lino. Iwe ukafuna kusangalatsa zigubu, usangalatsa zigubu, koma udziwe kuti ukusewera ndi ulendo wa anthu ena. Sindingakumange chingwe. Ukakhala m'bwalomo uli wekha ndi mutu wako."

Ella, kapiteni wa timu, anangomukonzera Safia mpango wa kumutu umene unali utapendekeka.

4. Zigubu zilira

Wezulo italira, fumbi la ochemerera linati koboo. Safia anamamatira Pauline ngati nkhupakupa. Pauline anayesa kuzembera uku, Safia ali pomwepo. Anayesa uko, manja aatali aja amutsekera kale. A Chitala anayamba kuponyerana mpira mosowa kolowera, ndipo Ella anagoletsa kawiri motsatizana.

Koma kumbali ya gulu la Ismael zigubu zinkalira mwaulesi. Iwo anabwerera Safia, ndipo Safia anali asanaponye ndi kamodzi komwe.

"Mwana wa Che Jafali wagona kodi?" anafuula wina.

"Tapeza Lawson wachiwiri," anayankha mnzake, ndipo mzere wonse unaseka.

Mawu amenewo anamubaya Safia. Atatembenuka anaona bambo ake ataima pafupi ndi mtengo wa magetsi, atavala mkanjo woyera, manja ali kumbuyo, nkhope ili gwa. Manyazi anamugwira, kenako mtima unapsa.

Mpira wotsatira utangofika m'manja mwa Chipoka, anamusiya Pauline n'kuthamangira kutsogolo. Anaulandira, anadutsa atsikana awiri, analumpha, mpira unalowa. Bwalo linagwedezeka. Zigubu zinadzuka zonse nthawi imodzi.

"Wautenga ndani? Safia wautenga! Ring'i ikulira, Safia wautenga!"

Kukoma kwake kunali kosaneneka. Anagoletsanso, nyimbo inakwera. Ismael anavula shati n'kumaizunguza m'mwamba, akuloza a Lameck ndi chala ngati wapambana mlandu ku khoti.

Chimene zigubu sizinaone n'chakuti Pauline tsopano anali pa ufulu. Safia akamabwerera, akupeza mpira walowa kale kwawo. Pauline sankachita phokoso ngakhale pang'ono. Ankangoima patali, kudikira mphepo idutse, n'kuponya zija za mapointi atatu. Safia akaika awiri, iye akubweza atatu. Safia anayesa naye kuponyera patali, koma mwera unautenga mpira n'kukauponya m'beseni la chinangwa. Pofika nthawi yopuma, Chitala inali patsogolo ndi mapointi asanu ndi awiri.

5. Pa ndowa ya madzi

Atsikana anazungulira ndowa, aliyense akupewa maso a mnzake. Kunja gulu la Ismael linali likuimbabe dzina la Safia ngati kuti timu yawo ikutsogola.

Madamu Zimba sanakalipe, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukalipa.

"Safia, nyimbo waimva. Bolodi ya zigoli nayonso waiona. Ndiuze pompano: ubwerera pa Pauline, kapena ndiyese Precious, iwe uzigoletsa? Precious ayesetsa, koma tonse tikudziwa kuti samukwana. Sankha, nthawi ikutha."

Safia anayang'ana kumene kunali bambo ake. Anali pomwe paja, osasuntha, osamwetulira. Anayang'ana Ella, amene ankamanga chingwe cha nsapato chomangidwa kale, misozi ili pafupi.

Anadziwa bwino lomwe chimene akutaya. Akabwerera pa Pauline zigubu zikhala chete, anthu amuseka pamaso pa bambo ake, ndipo mwina iyi ikhala gemu yake yomaliza. Mantha anali nawo ndithu. Anamwa madzi, n'kupukuta pakamwa.

"Ndibwerera pa Pauline, Madamu. Pepani. Pepa, Ella."

"Zopepesa tikachitira mu lole ya ku Lilongwe," anatero Ella. "Tiye."

6. Mthunzi wa Pauline

Chigawo chachiwiri chinali nkhondo. Pauline anapeza kuti khomo lija latsekedwanso, ndipo ulendo uno latsekedwa ndi loko. Anathamanga kuzungulira bwalo lonse, Safia ali pamsana. Anabisala kumbuyo kwa anzake, Safia anatulukira mbali inayo. Mpira wopita kwa Pauline unkathera pa zala za Safia, iye n'kuupatsira Ella osayang'ana n'komwe ku ring'i.

Ella anagoletsa. Precious anagoletsa. Ella anagoletsanso. Mpata wa pa bolodi unayamba kufota, ndipo ana a m'mitengo anayamba kugwedeza nthambi mpaka masamba kuyoyoka.

"Mukuona? Mukuona zimenezo?" A Lameck ankakoka aliyense woyandikana nawo, ngakhale anthu a ku Chitala. "Ndi zimene amachita Lawson zimenezo. Ndakhala ndikukuuzani."

"Safia, ponya," ankachonderera Ismael, mawu atasasa. "Baba akuona, ponya."

Kawiri konse njira inamutsegukira, ring'i ili poyera. Kawiri konse anapatsira mnzake n'kubwerera pa Pauline. Zigubu zinapeza dzina latsopano, zinayamba kuimbira Ella. Safia anamva, zinamupweteka, koma miyendo yake sinasinthe njira.

Kutatsala pang'ono kuti gemu ithe, Chipoka inali patsogolo ndi pointi imodzi, mpira uli kwa Chitala. Aliyense ankadziwa kumene mpirawo ukupita. Pauline anaulandira pakona. Anathyola kumanja, Safia sananyengeke. Anabwerera kumanzere, anapeza chifuwa chomwecho. Ananamizira kuponya, Safia sanalumphe. Anangoima, manja ali m'mwamba, thukuta likutsika m'maso, mapapo akuyaka. Pauline anasowa pothawira. Anaponya mokankha, mpira unagunda m'mphepete mwa bolodi ya ring'i n'kugwera kunja, ndipo wezulo inalira.

Anthu anakhamukira m'bwalo. Anamunyamula Ella pamapewa n'kuyamba kuzungulira naye, zigubu patsogolo, amayi akululutira pambuyo. Safia anatsala pakona paja, manja ali pa mawondo, anthu akumuwomba mapewa pothamangira kwa Ella. Amene anabwera kwa iye anali Pauline yekha.

"Iwe ndiwe mfiti," anatero akuseka, misozi ikutsika. "Ndimangoona ngati ndikamwa madzi ndikupeza mu kapu."

7. Chimene Che Jafali anaona

Pambali pa bwalo mkangano unali utayambiranso, koma tsopano unali ndi dzina lina. Ismael ankati Madamu amuwononga mlongo wake, amusandutsa mlonda. A Lameck ankati mwanayo lero ndiye wabadwa. Safia anawadutsa mwakachetechete n'kupita ku mtengo wa magetsi uja. 

Che Jafali anayamba kuyenda, iye n'kumatsatira pambuyo pang'ono. Anadutsa njanji asanalankhule.

"Malamulo a mpira wanuwu sindiwadziwa," anatero kenako. "Zoti uyu wachita bwino, uyu walakwa, ine sindingaweruze. Anthu onse aja amatsatira mpira kumene ukupita. Ine sindinabwerere mpira. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndimayang'ana iwe."

Safia anasendera pafupi nawo, iwo n'kupitiriza.

"Ndinakuona utamusiya mtsikana wa ku Chitala uja chifukwa cha zigubu. Pamenepo mumtima ndinati basi, nkhani yatha, mwanayu akusewerera m'manja mwa anthu. Kenako ndinakuona utabwerera. Akunyoza, iwe uli pomwepo. Akuimbira wina, iwe uli pomwepo. Ndakhala ndi anthu m'boti zaka zambiri, ndipo ogwira ntchito chonchi popanda wowayamikira ndi owerengeka. Sindinkadziwa kuti mmodzi ali m'nyumba mwanga momwe."

Misozi imene Safia anaigwira masana onse inatuluka. Anaipukuta ndi nsonga ya mpango.

"Ndiye ku Lilongwe ndipita, baba?"

"Sindinatero. Za mabuku zija zikadalipo. Komanso pali china chikundisautsa. M'mawa ndanyoza munthu amene sindinamuonepo akugwira ntchito yake. Ngati zimene amachita Lawson ndi zimene wachita iwezi, ndiye kuti Chipoka yonse tikukangana za chinthu chimene sitikuchidziwa. Mayi ake anandiuza ku msika kuti mwana wawoyo akubwera sabata yamawa kudzaika chiliza cha bambo ake. Tidzapita tonse awiri kukamuona, inshallah. Ukamufunse ndi pakamwa pako ngati njira imene anasankhayi amanong'oneza nayo bondo. Akati inde, mpira usiya. Akati ayi, ku Lilongwe ndikakuperekeza ndekha."

Safia anaima pakati pa msewu. Moyo wake wonse anamva anthu akumuyankhira Lawson Chikuse, ena mwachikondi, ena mwachipongwe, koma mawu a mwini wake anali asanawamvepo. Tsopano tsogolo lake la mpira linali pakamwa pa munthu ameneyo, ndipo ku Chipoka konse kunalibe amene ankadziwa chimene akayankhe.